Mapu a ku Sombor

Mkulu wa depoti ya mabasi ku Sombor, kasitomala wathu, anakhala pampando, ine ndi a Dragoslav titaima kumbuyo kwake, maso ali pa sikirini.

Pulogalamu yoyendetsera mabasiyi anailemba ndi a Dragoslav zaka makumi awiri zapitazo. Bwana wathu, mayi Jelisaveta, ankafuna kuitaya pamodzi ndi mwini wake yemwe. Madalawo anachonderera kuti awapatse mwezi umodzi, alowetsemo bulawuza, kapulogalamu kotsegulira masamba a pa intaneti, m'kati mwake kuti mapu a pa intaneti azioneka pa windo lomwelo. Bwana anavomera, koma anati zikakanika pamaso pa kasitomala, alongedze.

Mkulu uja anadina batani. Mndandanda wa mabasi unabwera bwinobwino. Koma pakati, pamalo pa mapu, panangoti mbee!

"Mabasi anga akwiririka m'chipale chofewa kapena?" anafunsa, osaseka.

A Dragoslav anadinanso. Ine ndinadziwa pomwe panali vuto. Ntchito yanga inali imodzi yokha, kusintha adiresi yomwe bulawuzayo imakatengako tsamba la mapu. Poyeserera tinkailozetsa pa kompyuta ya a Dragoslav ku ofesi ku Novi Sad, ndipo chitsiru ine ndinaiwala kusintha. Kompyutayo anali ataizimitsa m'mawa ponyamuka.

"Ndikubwera," ndinatero. Ndinathamangira panja kukaimba foni ku ofesi. Mwa anthu onse aja, anayankha ndi bwana.

"Mayi, chonde yatsani kompyuta ya a Dragoslav. Pompano."

Ndinamva nsapato zawo, kenako batani.

"Ndayatsa. Tsopano tandiuza, Ognjen, adiresi yoyeserera yafika bwanji kwa kasitomala? Waisiya ndani?"

Ndinali ndi miyezi inayi yokha pakampanipo, ndipo ndinkaopa. Ndinaopa kwambiri.

"Ndi adiresi ya kompyuta yawo," ndinatero.

Silinali bodza ayi, koma onse awiri tinadziwa zimene ndatanthauza.

"Ndamva," anatero, n'kudula.

Pobwerera m'katimo ndinapeza mapu atabwera, timabasi tikuyenda m'misewu, mkulu uja akuwagwira chanza a Dragoslav. Anatiitanitsira khofi ndi rakija, kachasu wa kwathu kuno, ine ya rakijayo ndinakana poti ndinali woyendetsa.

M'galimoto madalawo sanatseke pakamwa. "Sindikudziwa chimene unakachita panja paja, mwana wanga, koma wandipulumutsa. Kodi pa msinkhu wangawu akanandilemba ndani? Lamlungu ubwere kwathu, mayi akunyumba akakuphikire sarma, kabichi wokulungamo nyama uja."

Ndinangoti, "Zikomo, madala."

Titangodutsa tauni ya Odžaci foni yawo inalira. Anayang'ana dzina, nandigunda ndi chigongono.

"Abwanatu awa! Uthenga wawapeza kale. Tsitsa wailesiyo, umve nawe akamatiyamikira."

Ndinatsitsa. Iwo anakonza kolala ya malaya awo, n'kuika foniyo pa sipika.