Masiku Amene Malemu Sanabweze

Mayi Zipi anali akupinda mpendero wa siketi ya kasitomala pamene anamva mawu a alamu awo, mlongo wa malemu amuna awo, pageti. Mawuwo sankadikira odi. Anthu a mumsewu umenewo ankawatchula alamuwo kuti Wailesi, chifukwa nkhani zinkayamba kutuluka iwo asanakhale pansi, ndipo panalibe amene ankadziwa pozimitsira. Tsikuli anabwera ndi Shehe wa pamzikiti wapafupi.

Mayi Zipi anali adakali pa eda, nthawi yolira ya mkazi wamasiye wa Chisilamu, osatuluka pakhomo chimwalirire amuna awo, omwe anali dalaivala wa galimoto zikuluzikulu zonyamula katundu. Anachotsa mapini pakamwa, nakokera mpango kutsogolo. Shehe anakhala pampando wa pakhonde, pafupi ndi chitseko chotsegula. Wailesi analowa mpaka m'kati, nakankhira pambali nsalu zimene zinali pasofa, nakhala mwamphamvu.

"Alamu, ine tulo sindikutiona," anayamba motero moni asanathe. "Mlongo wanga akundibwerera kumaloto. Waima m'mphepete mwa msewu, milomo mbuu, m'manja botolo lopanda madzi. Ndikamuitana sayankha. Ndiye ndinapita kwa a Shehe, iwo n'kundifunsa kuti kodi malemu analibe masiku osala kudya a Ramadhani amene sanabweze? Ine ndati, dalaivala? Masiku alipo, ambirimbiri."

Shehe anakonza kukhosi. Anali munthu woonda, wolankhula pang'onopang'ono ngati akuopa kuponda mawu ake omwe.

"Maloto si lamulo, mayi, ndipo ndawauza kale achemwaliwa. Koma nkhani ya masiku ndi yoona. Wapaulendo amaloledwa kumasula, ndiko kudya masana, malinga adzabweze Ramadhani ina isanafike. Akazengereza popanda chifukwa mpaka ina n'kumupeza, abwezebe, ndipo ophunzira ambiri amati adyetsenso wosauka pa tsiku lililonse limene wachedwetsa. Tsono imfa ikamupeza asanabweze, abale ake angathe kumumangira masikuwo, ndiko kumusalira kudya, kapena kudyetsa osauka m'malo mwake. Si chikakamizo. Ndi chifundo chabe."

"Mwamvatu," anatero Wailesi. "Inu ndinu mkazi wake, masikuwo mukuwadziwa ndinu. Komanso muli pakhomo pompano, kulibe kumene mukupita. Ine ndi mimba yangayi, ikafika khumi koloko imayamba kuyimba kwaya."

Mayi Zipi sanaseke. Anayang'ana singano ya makina yomwe inaima pakati pa nsalu.

Masikuwo ankawadziwadi. Chaka ndi chaka, mwezi wa kusala ukatha, iwo ankabweza masiku awo a uzimayi mwakachetechete, akupalasa makina kukhosi kuli gwa. Ankawakumbutsanso amuna awo kuti amange limodzi, poti njala ya awiri imapepuka. Bambowo ankaseka, n'kunena kuti Mulungu si bwana wa kudepoti woti amakuimira ndi wotchi pageti. Mayi Zipi ankangoti zengerezu adalinda kwawukwawu, nkhani n'kuthera pomwepo. Zimenezo sizinkawapweteka kwenikweni. Chimene chinkawadya chinali china.

Telala amadziwa dzanja la mnzake. Amuna awo akachoka ku ulendo weniweni, malaya ankabwera akununkha dizilo ndi thukuta, kolala ili bii. Koma panali maulendo ena, makamaka m'mwezi wa kusala, amene malaya ankabwera ochapidwa, ositidwa mizere iwiri pamkono. Tsiku lina anapeza batani la malaya oyera litasokedwa ndi ulusi wobiriwira, mfundo yake ili kunja. Palibe telala amene angamange mfundo kunja. Atafunsa, anayankhidwa kuti pali mnyamata wina kumalire amene amathandiza madalaivala. Kenako kasitomala wina, akuyesa diresi, anatchula mosalingalira kuti galimoto ya bambo anaiona masana itaima kuseri kwa malo omwetsera mafuta, kutsidya kwa njanji, pamene kunyumba ankadziwa kuti ili kunja kwa dziko.

Mayi Zipi anameza zonsezo. Anadzazilavula mumtima pa tsiku la maliro, ataona mkazi wina wachilendo akulira mopitirira muyeso wa mlendo. Mabatani a bulauzi yake anali ndi mfundo kunja. Ndipo anali Wailesi amene anamugwira dzanja mkaziyo, namukhazika pakati pa abale, n'kumauza anthu kuti ndi mnzawo wa kuntchito.

Chichokere tsikulo, Mayi Zipi ankasoka mkwiyo wawo ngati chovala chosafuna changu. Ankalingalira zongokhala chete, malemu akasenze okha katundu wawo kumene apitako. Koma kukhala chete kukanapatsa Wailesi tulo tabwino m'kupita kwa nthawi, ndipo zimenezo sankazifuna. Tsopano mwayi unali utabwera wokha, utakhala pasofa pawo, ukupukuta thukuta ndi m'mphepete mwa mpango.

"A Shehe," anatero ndi mawu ofatsa, "ndifunse nawo. Ulendo umene umamasula munthu ndi wotalika bwanji? Kuchoka pano kukafika kutsidya kwa njanji, ndi ulendo?"

"Kutsidya kwa njanji? Ayi, mayi. Kumeneko ngakhale ine ndimapita wapansi."

"Nanga munthu akatsanzika kuti akupita kutali, koma n'kukaimika galimoto kutsidya kwa njanjiko, n'kumadya masana a Ramadhani m'nyumba ya munthu wina, ameneyo ndi wapaulendo?"

Wailesi anasiya kudzipukuta.

"Ameneyo wamasula dala," Shehe anayankha mochedwa. "Ndi tchimo, ndipo kulapa kunali kwa mwini wake. Koma tsikulo silifafanizika, liyenera kubwezedwa ndithu. Ndiponso..." Anatsokomola, nayang'ana nsapato zake. "Ngati m'nyumbamo munachitika zoposa kudya, dzuwa lili pamutu, dipo lake ndi lolemera kwambiri. Koma zimenezo sitiganizira munthu popanda umboni."

"Alamu!" Wailesi anadzuka theka, n'kukhalanso. "Mukunyoza maliro? Munthu sanaume n'komwe m'manda! A Shehe, musawamvere awa, chisoni chawasokoneza mutu."

"Mutu wanga uli bwinobwino, alamu. Mwabwera kudzafunsa masiku, ndiye ndikukuyankhani za masiku." Mayi Zipi anatembenuza mpando kuti ayang'anane nawo maso ndi maso. "Alipo a mitundu iwiri. Masiku ena alongo anu analidi pamsewu, akufunira ana anga chakudya. Amenewo ndikuwadziwa, chifukwa dizilo wake ndinachapa ndi manja angawa. Ndiwamangira ine, limodzi ndi limodzi, ndipo wosauka wake ndimudyetsa kuchokera pamakina pano. Sindidzapempha thandizo kwa munthu."

"Mulungu akulipireni," anatero Shehe chapansipansi.

"Koma enawo, amene ankabwera atachapiridwa ndi kusitiridwa, sindikuwadziwa kuchuluka kwake. Sindinali ine wopakula. Wodziwa ndi amene ankatenga mbale masana n'kuika patebulo. Mukamufunse ameneyo. Mukafunsenso zinazo zimene a Shehe achita nazo manyazi kutchula, poti inu pakamwa simuchita manyazi. Akakuuzani, mukagawane. Wina wophika, wina wolondera pakhomo, ntchito munkagwira limodzi."

"Ndani ameneyo? Ine sindikudziwa munthu aliyense!"

"Mnzanu wa kuntchito uja. Wa pamaliro."

"Aaa, uja? Uja tinangodziwana m'basi, alamu. Ngakhale dzina lake ndaliiwala. Kumene amakhala sindikudziwako, olo mutandiika mpeni pakhosi."

"Pamaliro anali wa kuntchito, lero wasanduka wa m'basi. Pofika mawa akhala wa kuchipatala." Mayi Zipi anamwetulira koyamba chiyambire eda, koma kumwetulira kwake kunalibe kutentha. "Palibe kanthu. Ngati simukumudziwa, ndiye kuti masikuwo palibe owadziwa. Alongo anu aimabe pamsewupo ndi botolo lawo. Inu muzingowapatsa moni usiku uliwonse."

Maso a Wailesi anadzaza misozi, ndipo Mayi Zipi anaona kuti misoziyo inali yeniyeni. Mayiyu anamulera yekha mlongo wakeyo makolo awo atamwalira, anamubereka kumsana, anamulipirira sukulu ya udalaivala. Kanthu kena kanagwedezeka m'chifuwa mwa Mayi Zipi, kofuna kunena kuti basi, ndimanga onse, pitani mukagone. Anakapondereza ngati mmene amaponderezera nsalu yoterera pansi pa singano. Zaka zonse zija, Wailesi yemweyu ankabwera kudzamasula nawo madzulo m'nyumba muno, n'kumati, pepani alamu, ukwati wa dalaivala ndi wotero, kupirira basi.

"Mayi," anatero Shehe, "mwanena zoona zimene mukudziwa, ndipo palibe angakukakamizeni zoposa apo. Ndingokukumbutsani kuti kusala kumafuna mtima woyera kumayambiriro kwake. Pomanga masiku mwalonjezawo, mumangire Mulungu, osati kuti wina amve kuwawa."

"Ndamva, a Shehe. A pamsewuwo ndimangira Mulungu. Kuwawako ndi kwapadera, sikukhudzana ndi swaumu, kusala kwangako."

Shehe anatembenukira kwa Wailesi. "Achemwali, mutu ukakula sulewa nkhonya. Wamkulu pabanjapa ndinu. Ngati pali amene angadziwe masikuwo, kumufunsa si tchimo. Mukalephera kumupeza, tidzayerekeza mmene tingathere, Mulungu ndi wodziwa. Koma kuyerekeza kumabwera munthu atayesetsa kaye kufufuza." Anadzuka, natsanzika, nanena kuti nthawi ya swala, pemphero la masana, yayandikira.

Wailesi anatsala pang'ono, akuyembekeza kuti mwina alamu awo afewa. Mayi Zipi anabwezera mapini pakamwa, naika phazi pachopondera. Makina anayamba kulira. Wailesi anatola chikwama chawo, natuluka osatsanzika, geti n'kulisiya pululu.

Pawindo la chipinda chosokeramo pankaoneka msewu wonse mpaka pamphambano ndi kupitirira apo. Kumanzere kunali kokwerera basi zopita kwa Wailesi. Kumanja msewu unkatsetsereka, kudutsa pa okonza matayala, mpaka kunjanji. Mayi Zipi anaimitsa makina, nakankha katani ndi chala chimodzi.

Wailesi anaima pamphambanopo nthawi yaitali, chikwama atachikumbatira pamimba. Basi inafika, kondakitala anawaitana, iwo anapukusa mutu. Basi itapita anayang'ana kumbuyo kamodzi, nakokera mpango kumaso, natsetsereka kumanja. Anadutsa okonza matayala, anadutsa mayi wogulitsa malasha, anadutsa wapolisi wa pamsewu. Asanafike panjanji anakhotera m'kanjira kachidule ka pakati pa mipanda, kamene mlendo sangakaone. Sanaime kufunsa njira kwa aliyense.