Kanyali Kofiira

Galimoto inazimira pachitunda cha kuseri kwa msika, ndipo sikanali koyamba. Inayamba monga mwa chizolowezi chake: kulemera, kutsokomola, kunjenjemera ngati munthu wamalungo, kenako zii. Adalaivala anakoka handibuleki, m'mbuyomo mahutala ali pokopoko.

Vuto la tsiku limeneli linali lakuti pampando wapambali panakhala bwana wamng'ono, mwana wa amayi eni galimoto. Amayiwo anali atakalamba, miyendo itakana, ndipo ntchito ya adalaivala inali kuwaperekeza kuchipatala, kutchalitchi ndi kukazonda anzawo otsala. Koma chikwama chinali m'manja mwa mwanayu. Ndiye ankalipira, ndiyenso ankalamula.

"Ikapuma pang'ono ilira, bwana," anatero adalaivala.

"Ndikudziwa kuti ilira. Anzanga andiuza kale matenda ake. Galimoto yomwa petulo wosakaniza ndi palafini imatero." Bwanayo ankalankhula maso ali pafoni. "Tipite kugalaja. Akakapeza palafini, ine ndi inu tisiyana lero lomwe."

Adalaivala anamva kutentha kumaso. Mwana ameneyu ankamutengera kusukulu pa galimoto yomweyi, mamina ali chuchuchu, nsapato atavala mosemphanitsa. Lero ndevu zamera, basi wawasandutsa mbava. Zinawapweteka kwambiri, koma anameza mawu. Munthu wa imvi ntchito ikamuthera, wina womulemba amupeza kuti?

Kugalajako, amakaniko anali bambo wamfupi wachipewa chothimbirira, wosadziwa kuyankha moni. Anatsegula boneti n'kuyamba kufunsa ngati wapolisi. Imazima ikazizira kapena ikatentha? Ikatentha. Potsetsereka kapena pokwera? Pokwera, makamaka ikanyamula anthu. Ikapuma imalira? Imalira ngati palibe chachitika.

"Tsono yakhala ikutero kuyambira liti?"

"Chaka chino chonse, koma inayamba pang'onopang'ono."

"Onse amatero," anatero amakaniko. "Amabwera nayo itafika kale pamanda."

Anamasula mapulagi, kuwatembenuza pa dzuwa, kuwabwezera. Anagwedeza mawaya a batire. Anatulutsa sefa ya mpweya n'kuimenya pa bondo, fumbi lili koboo, koma anapukusa mutu. Bwana wamng'ono anatopa ndi kudikira.

"Ine ndikufuna muone mafuta, achimwene. Ndikukayikira palafini."

Amakaniko anayang'ana bwanayo, anayang'ananso adalaivala, ndipo anamvetsa mlandu umene wabwera pagalaja pake. Anamasula kapaipi kofika ku injini, kutapa mafuta pang'ono m'botolo loyera, kununkhiza. Kenako anang'amba kachidutswa ka katoni n'kudonthezapo.

"Petulo weniweni amauluka, katoni imatsala youma. Palafini amasiya banga la mafuta. Tidikire."

Anthu atatu akuluakulu anaima mozungulira kachidutswa ka katoni. Apa m'pamene mantha anawagwira adalaivala. Palafini sanathirepo chibadwire, zimenezo akanalumbira pamaso pa aliyense. Koma sabata yathayi mafuta anawathera panjira akuchokera kuchipatala, amayi ali m'mbuyo akubuula ndi msana, ndipo anagula petulo wa m'chigubu kwa munthu wa m'mbali mwa msewu. Za m'chigubu amadziwa ndi mwini chigubu. Ngati munali palafini, ndani angawamvere?

Bangalo linayamba kuchepa kuchokera m'mphepete. Linachepa, linachepa, pakati pokha n'kukakamira. Bwana wamng'ono anawerama. Adalaivala anayang'ana kumbali, kumene kunali mulu wa matayala akutha, akupemphera chamumtima pemphero lopanda mutu.

"Petulo uyu alibe mlandu," anatero amakaniko, n'kutaya katoniyo. "Wakuda, koma ndi petulo."

Adalaivala anali atapulumuka. Akanakhala okha akanakhala pansi pomwepo, pa oyilo pomwe.

Amakaniko anali atatsegula kale chitseko chakumbuyo. Anazula mpando n'kuuponya panja, kugwada, kugunditsa khutu pa chitsulo.

"Madala, tembenuzani kiyi, koma musailize."

Pansipo panamveka kulira kosasa, ngati udzudzu wotopa. Amakaniko anamasula chivundikiro, kulowetsa dzanja m'thanki, n'kutulutsa pampu ya mafuta ikudontha. Kasefa ka kumunsi kwake kanali bii ndi dzimbiri ndi matope.

"Nayu wodwala wanu. Pampu imeneyi imakhala m'kati mwa petulo, ndipo petuloyo ndi amene amaiziziritsa. Thanki ikamakhala youma, pampu imatentha, imakokanso zinyalala zonse za pansi. Ikatentha imafooka, injini imasowa chakudya, pachitunda n'kuzima. Ikazizira iyambiranso." Anapukuta manja pa ovololo. "Ndani amayenda nayo kanyali kofiira kali koyaka tsiku ndi tsiku?"

Adalaivala anayang'ana nsapato zawo. Kanyali kofiira, kochenjeza kuti mafuta atha, kanali kasanazimepo kuyambira pamene bwana wamng'ono anatenga chikwama. Iye ndi amene analamula kuti thanki isamadzazidwenso. Ulendo uliwonse unali ndi petulo wakewake, wongokwanira kupita ndi kubwera, poopa kuti wotsala angamere miyendo. Koma ungaloze chala bwana wako pamaso pa anthu?

"Timathira wa ulendo umodzi umodzi," anatero motsitsa mawu.

"Ndinakonza zimenezo ndine," bwana wamng'ono anavomera wopanda manyazi alionse. "Mafuta ankatha msanga. Nanga mtengo wake?"

Amakaniko anayamba kutchula. Pampu yatsopano, ndipo ya galimoto yakale chonchi siipezeka wamba, mpaka kuitanitsa. Thanki itsike, itsukidwe, mwinanso dzimbiri laidya kale. Sefa ya mafuta. Timabomba topopera petulo mu injini nato tamwa matope omwewo. Ntchito ya manja payokha. Mtengo wonse sanautchule pakamwa. Anaulemba ndi chala pa fumbi la galasi lakumbuyo.

Bwana wamng'ono anauyang'ana nthawi yaitali.

"Akanakhala palafini?"

"Kukhuthula thanki basi. Mukanapita kwanu madzulo ano."

Bwanayo anapita kuseri kwa galaja foni ili kukhutu. Adalaivala ankamva mawu apataliapatali: mlongo wake, matakisi, masiku a kuchipatala okha. Anatola mpando uja pansi, kuusasa fumbi, kuubwezera m'malo mwake bwinobwino, ngati kuti kuteroko kungathandize kanthu. Amakaniko sanawayang'ane.

Pobwerera, nkhope ya bwana wamng'ono inali itafewa, ndipo zimenezo ndi zimene zinawaopsa adalaivala koposa ukali uja.

"Madala, ndikhululukireni. Ndinakuganizirani zoipa, ndipo ndikawauza amayi kuti ndinu munthu wokhulupirika." Anawagwira paphewa. Kenako anatembenukira kwa amakaniko. "Achimwene, simungadziwe munthu woti angaigule mmene ililimu? Ngakhale wofuna zitsulo zokha."

"Apezeka. Musiye makiyi."

"Bwana," anatero adalaivala, "nanga amayi azipita bwanji kuchipatala?"

"Tiziitana takisi. Mwezi uno mulandira malipiro onse, musade nkhawa."

Adalaivala anapisa m'thumba. Kiyi wa galimoto anali pa mkombero umodzi ndi kiyi wa kunyumba kwawo, ndipo chiwalowetsereni anali asanawalekanitsepo. Mkomberowo unali wolimba, chikhadabo chinakana kulowa. Anayesa, chikhadabo chinathyoka, anayesanso ndi china. Amakaniko anawapatsa sikuludilaiva.

"Musafulumire, madala," anatero bwana wamng'ono mokoma mtima. "Kulibe kumene tikuthamangira."