Galaja ya a Saulos ku Biwi

"Akufuna yankho sabata ino," anatero Rodney ataima pakhomo.

Mlongo wake Tionenji anapitiriza kupinda ovolosi ya bambo awo, a Saulos, amene anaikidwa m'manda dzana. Mayi awo, a Zipora, anali atakhala pamphasa.

Boma linali litangosiyana ndi Taiwan n'kupalana ubwenzi ndi China, ndipo kampani ina ya kumeneko inkafuna malo a galaja ya malemuwo kuti imangepo nyumba yosungiramo katundu. Rodney, yemwe ankagwira ntchito ku unduna, ndiye anabwera ndi nkhaniyo.

"Kampaniyo ndi ya boma la kwawo, boma lathunso lili pambuyo pake. Singagwe. Yalonjeza kulemba anthu ntchito."

"Nanga imene ankagwirako adadi ija sinali ya boma?" anafunsa Tionenji. "Akunja otikongoza atati igulitsidwe, ndani anawafunsa maganizo?"

Rodney anaikumbukira bwino nthawi imeneyo. Bambo ake anabwera kunyumba masana, bokosi la masipanala lili paphewa. Sanatukwane munthu. Anangoti, "Maboma amasintha abwenzi ngati malaya, koma galimoto ikafa imafuna manja." Mawa lake analambula thengo kuseri kwa nyumba, n'kuyendera mmodzimmodzi anzawo onse amene anachotsedwa nawo ntchito limodzi, kuti atsegule galaja. Pamalopo ndi pamene panachokera sukulu ya Rodney, ndi ya ana a enawo.

Amuna amenewo tsopano anali atakhala pamatayala kunja kwa mpanda, zipewa zili m'manja. Wamkulu wawo, a Mackson, anasuzumira pakhomo.

"Pepani Amayi. Pali minibasi ya ku Nsungwi imene malemu achimwene anaisiya atamasula injini. Mwiniwake akudandaula. Kaya tingaigwire?"

"Dikirani kaye," anayankha Rodney. "Mpaka banja ligwirizane, galaja ikhale yotseka. Amayi, makiyi a pageti ali kuti?"

A Zipora anatembenukira kwa mwana wawoyo.

"Bambo ako sanagulepo loko. Ankati munthu sapempha makiyi kuti alowe pake."

Rodney anatuluka. Pageti anapeza kawaya kokha, kopindidwa kamodzi, kosalala chifukwa cha manja ambiri. Anakagwira kwa kanthawi, kenako anakakoleka pamtengo, n'kukankha geti.

"Lowani, Abambo," anatero kwa a Mackson, akuvula jekete. "Mundionetse pamene anasiyira."