Mkuyu Wosabala wa ku Champiti

M'chaka cha 1938, pamudzi wina kufupi ndi Champiti, panali mkazi dzina lake Zelesi amene anthu ankamuwerengera zaka ngati mwini wakeyo sadziwa kuwerenga. Zinali zitakwana zitatu chikwatiwireni ndi Kingston, koma kumsana kwake kunali kusanagonepo mwana. Mkulu wa owerengawo anali a Lufina, azakhali ake a Kingston, mayi wamfupi koma wa mawu otalika, amene akamanong'oneza munthu kuchitsime nkhani yonse inkamveka kukhola.

A Lufina anali atagamula kale mlandu usanazengedwe. Zelesi abwerere kwawo ku Lizulu, ng'ombe za malowolo zibwerere, Kingston amupezere mkazi wina. Abale anali oti akumana Lachitatu kuti amange mfundo. Kingston, munthu wabwino koma wofewa ngati mbatata yowiritsa, ankangokanda m'mutu. Anali atangofika kumene kuchokera ku Halale, kuminda ya fodya, ndi jekete, chipewa ndi sutikesi yachitsulo, ndipo ankati mwezi ukaoneka abwerera. Sutikesiyo inawakomera kwambiri azakhali, mpaka anasamutsa mphasa yawo n'kumagona m'nyumba ya mwana wawoyo, ati kulondera akuba.

Zelesi ankamukonda mwamunayo ndi kupusa kwake komweko. Kuchoka sankafuna, ndipo mantha anali atamuthetsa chilakolako cha chakudya.

Lamulungu anthu anadzaza m'katchalitchi kawo ka udzu, amuna mbali iyi, akazi mbali iyo. Wolalikira anali aphunzitsi a Paison, amene a mishoni anali atawatumiza chaka chomwecho. Ulaliki wa tsikulo anaukonza sabata yathunthu, ndipo ena anawaonapo akuulalikira kwa chimanga kuseri kwa sukulu. Anatsegula buku, n'kukhosomola, n'kuyamba nkhani ya munthu amene anali ndi mkuyu m'munda mwake. Munthuyo ankabwera kudzafuna nkhuyu zaka zitatu, osapeza ngakhale imodzi.

Atamva "zaka zitatu", a Lufina anawongoka ngati alumidwa ndi linthumbu.

Aphunzitsi anapitiriza kuti mwini munda anauza wantchito wake kuti audule mtengowo, usamangodya nthaka pachabe.

"Ehee!" anatero a Lufina, n'kugunda mnzawo ndi chigongono. Mipango yonse ya kumbali ya akazi inatembenukira kwa Zelesi. Zimene zinatsatira, zoti wantchito anapempha chaka china chimodzi kuti aukumbire mtengowo ndi kuuthira ndowe, a Lufina sanazimve n'komwe. Anali otanganidwa ndi kugwedeza mutu.

Aphunzitsi anatseka buku namwetulira. Apa ndi pamene panali pokoma pa ulaliki wawo: afunse, anthu asowe yankho, iwo awaululire kuti mkuyu ndi mtima wa munthu aliyense wosalapa.

"Abale, mkuyu umenewu ndani?"

"Musavutike, aphunzitsi," a Lufina anali ataimirira kale. "Mkuyuwo tili nawo kwathu. Uwo wavala mpango wofiirawo."

Tchalitchi chinagwedezeka ndi chiseko. Aphunzitsi anakweza dzanja, thukuta lili kamukamu.

"Ayi mayi, apa mawu akunena za mtima..."

"Mtima umabala nkhuyu? Ine ndidawerenga zitatu, Mulungu wawerenganso zitatu. Tagwirizana. Ndipo wati dulani, tonse tamva!"

Mkulu wina kumbali ya amuna anati iye akuona kuti mkuyuwo ndi mkamwini wake waulesi. Wina anati ndi ng'ombe yake yaikazi imene ikungonenepa. Aliyense anali ndi mkuyu wake, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anati mkuyuwo ndi iye. Ulaliki wa sabata yathunthu unali kuwonongeka aphunzitsi akuona.

Zelesi anali atazolika, makutu akutentha. Anasuzumira kumbali ya amuna, n'kuona Kingston akuzunguza chipewa chake pabondo ngati nkhaniyo ndi ya anthu a mudzi wina. Pamenepo manyazi anatha, panabwera mkwiyo. Mkazi sayankhana ndi apongozi ake pagulu, zimenezo ankazidziwa bwino. Koma palibe mwambo woletsa kufunsa aphunzitsi, ndipo wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anagwada, n'kuwomba m'manja mwaulemu.

"Aphunzitsi, ndifunse nawo. Mkuyu ndavomera, ndine."

A Lufina anayang'ana uku ndi uku kuti aliyense aone kupambana kwawo.

"Koma ine ndamvetsera mpaka kumapeto. Wantchito uja akuti adzaukumbira, adzauthira ndowe. Ndiye kuti adali asanachite. Tsono zaka zitatu zonsezo wantchitoyo adali kuti?"

Aphunzitsi anatsegulanso buku, n'kuyendetsa chala pamizere, kutsika, kukweranso.

"Mawu sakunena, mayi."

"Kapena adali ku Halale."

Kenaka mayi wina kumbuyo anaphulika, ndipo chiseko chinayaka ngati moto wa lupsa. Zelesi naye anamva chikumukwera pakhosi, koma anachimeza, chifukwa anali asanamalize. Anawerenga pazala, ali chigwadire.

"Tidakwatirana mbatata zikukumbidwa. Mwezi usanathe, bambowa adanyamuka. Chaka chachiwiri adabwera pamaliro a atate awo, masiku asanu, iwo panja ndi amuna, ine m'nyumba ndi akazi, ndipo mwambo wa maliro mukuudziwa nonse. Tsopano abweranso, masabata awiri apitawa. Koma chifikireni, apongozi anga akugona m'nyumba mwathu, pakati penipeni, kulondera sutikesi."

Apa ndiye zinthu zinasokonekera. Amuna anagwirana mapewa, misozi ili chuchuchu. Gogo wina anagwa chagada pabenchi ladothi, miyendo m'mwamba, akusekabe. Aphunzitsi anabisa nkhope m'buku, koma mapewa awo ankawaulula. A Lufina anayasama, n'kutseka pakamwa, n'kuyasamanso.

"Akuba ndi ambiri masiku ano!" anatero pomaliza, ndipo chiseko chinayambiranso poyamba.

Phokoso litachepa, aphunzitsi anapukuta m'maso. Ulaliki wawo unali utapita, koma mwayi anauona. Anawerenganso pang'onopang'ono pempho la wantchito lija, maso ali kumbali ya amuna.

Kingston anaimirira ngati munthu wosenza thumba lamchere. Chipewa chinagwa, sanachitole.

"Wantchitoyo ndine," anatero. "Azakhali, za Lachitatu zija zilekeni. Ku Halale sindipita chaka chino. Ndikhala, ndilime."

"Nanga chaka chikatha osabala?" a Lufina sanali munthu wogonja msanga. "Aphunzitsi, werengani, udabala kapena sudabale?"

Aphunzitsi anatembenuza tsamba, n'kulibweza.

"Nkhani yathera pomwepo, mayi. Sitikuuzidwa."

Chiseko chinazilala. Funso limenelo ndi limene linkamudya Zelesi masiku onsewa, ndipo ngakhale buku linalibe yankho lake. Mwina vuto linalidi iye. Panalibe amene ankadziwa.

Kingston anayang'ana mkazi wake, n'kuyang'ana azakhali ake.

"Chikatha osabala, nkhwangwa muyambire pa ine. Uyu sachoka."

Nthungululu inalira m'tchalitchi muja, aphunzitsi n'kulephera kuiletsa, mpaka anangoyambitsa nyimbo kuti phokosolo likhale ndi dzina. Zelesi anayesa kuimba, mawu anakana. Ankaseka, ankalira, osadziwa kuti chayamba ndi chiti. Pa zaka zitatu zonse, aka kanali koyamba kumva mwamuna wake akumuikira kumbuyo, ndipo kanamukomera kuposa mmene ankaganizira.

Potuluka, Kingston anatsogola monga achitira amuna, mkazi pambuyo. Atayenda pang'ono anaima pakanjira ka pakati pa minda, anthu onse akuona, n'kudikira mpaka Zelesi atamupeza. Kanjirako kanali ka munthu mmodzi, choncho iye anatsikira mumzere, n'kumaponda matope ndi nsapato zake za ku Halale, kuti ayende pambali pa mkazi wake.