Chikwangwani cha a Kachingwe

Makalata onse awiri anafika sabata imodzi, pa foni ya Tiyese. Kampani ina yotsatsa malonda ya ku Joni inkamufuna, ina ya ku Nairobi nayonso inkamufuna, ndipo onsewo ankadikira yankho pofika Lachisanu masana. Bambo ake, a Gilford Kachingwe, anaimva nkhaniyi ali pakhonde la nyumba yawo ku Kawale, akupukuta magalasi ndi nsonga ya malaya. Anangoti zili bwino, kenako n'kufunsa ngati mpopi wa kuseri unali wotseka.

Sikuti sanakondwe. A Kachingwe anaphunzitsa sukulu zaka makumi atatu, ndipo chimwemwe ankachisunga ngati choko, kutulutsa kamodzikamodzi. Chimwalirireni akazi awo, a Elsie, zaka zisanu zapitazo, m'nyumbamo anatsalamo awiriwiri ndi mwana wawoyo, ndipo anali ndi kakhalidwe kawokawo. M'mawa uliwonse Tiyese ankaika kambale pambali pa kapu ya tiyi ya bambo ake, m'kambalemo muli piritsi la BP, ndipo sankapita kokakwera minibasi asanaone kuti lamezedwa.

Nawonso bambowo anali ndi ntchito yawo. Tiyese ankalemba mawu otsatsa malonda, a pa wailesi ndi a pa zikwangwani za m'misewu, pa kampani ina yaing'ono m'tauni. Akapatsidwa sopo kapena mbewu ya chimanga, ankalemba mawu a mitundu iwiri n'kudzawawerengera bambo ake akaweruka. Sankawafunsa kuti abwino ndi ati. Ankati munthu ukamufunsa amayankha zokusangalatsa. Ankangodikira kuti kuche, n'kutchera khutu kuti amve mawu amene bambowo aziwabwereza mosadziwa posesa pabwalo. Amenewo ndiwo ankapita nawo kwa abwana ake.

Lolemba Tiyese ananena kuti wasankha Joni. Zifukwa zake anazindanda bwinobwino: mabasi a ku Joni amanyamukira mu Lilongwe momuno, Amalawi kumeneko ali mbwee, katundu ukhoza kutumiza ndi aliyense. Ndipo patagwa vuto, anatero, munthu ukhoza kukwera basi tsiku lomwelo. Sananene kuti vuto lanji, koma polankhulapo maso ake anali pa kambale kaja.

A Kachingwe sanatsutse. Anangoyamba kumvetsera.

Lachiwiri, akutsuka mbale, Tiyese anatchula kuti a ku Nairobi aja akukonza uthenga wopita kwa alimi a m'mayiko asanu, ndipo woyamba ntchitoyo adzaigwira kuchokera pa pepala mpaka pa kanema. Anatchulanso kawiri tsikulo lisanathe. Za ku Joni ananena kamodzi, atachita kufunsidwa: kumeneko azikatembenuzira m'Chichewa zimene anzake alemba kale.

Lachitatu a Kachingwe anapita kumsika kukasoketsa thalauza kwa a Mwamadi, telala amene kale ankakaoda nsalu ku Tanzania. A Mwamadi, ulusi uli pakamwa, anawafunsa kuti mwana akunyamuka liti.

"Akupita ku Joni," anatero a Kachingwe.

"Ku Joni? Aphunzitsi, ku Joni anayamba liti Chiswahili? Sabata yonseyi mwana wanu akumaima pomwe mwaimapo, akuti ndimuphunzitse moni. Koma lilime lake ndi la ku Ntcheu basi, ngati akugulitsa kachewere pa Tsangano."

A Kachingwe anabwerera kunyumba thalauza lili m'manja, ataiwala kulisiya. Njira yonse ankaganiza chinthu chimodzi: mwanayu akusiya ntchito imene mtima wake ukuifuna chifukwa cha piritsi lochepa ngati nyemba. Kumukhazika pansi n'kumuuza zimenezi kunali kovuta. Nkhani zotere ankazitha ndi a Elsie. A Kachingwe akati ayambe, ankangopezeka akukamba za mpopi.

Ndiye anaganiza zomulankhula m'chinenero cha ntchito yake. Anatsitsa kalendala ya chaka chatha, naitembenuza, najambula mizere ndi rula. Anafukula buku la mapu limene ankaphunzitsira Sitandade 8. Masana onse analemba, chilembo chilichonse chowongoka ngati pa bolodi.

Lachinayi m'mawa Tiyese anachipeza chikwangwanicho chitamatidwa pa chitseko cha khitchini. Pamwamba panali mawu akuti UBWINO WA MZINDA WA NAIROBI, otsekedwa mzere kunsi. Kenako mfundo khumi ndi ziwiri. Mzindawo uli pamalo okwera, choncho sikutentha kwambiri. Ndege yochokera ku Lilongwe imafikako tsiku lomwelo, pamene basi ya ku Joni imagona panjira. Kumeneko amalima tiyi wabwino. Mfundo yachisanu ndi chinayi inkafotokoza za mvula.

Tiyese anawerenga mpaka pansi, dzanja lili pakamwa, mapewa akugwedezeka. A Kachingwe anaima kumbuyo kwake ngati mwana wodikira malikisi.

"Ababa, ichi ndi chikwangwani kapena mayeso?"

"Ndi malonda. Chonga."

Tiyese anachongadi, mosanyengerera. Anati mawu achuluka, munthu ali m'minibasi sangafike ndi pa mfundo yachiwiri pomwe. Anati mutuwo ukumveka ngati wa chimangirizo. Koma vuto lalikulu, anatero akupukuta misozi ya kuseka, n'loti chikwangwanicho chikuyankha mafunso amene wogula sanafunse. Munthu sasiya kugula chinthu chifukwa sakudziwa ubwino wake. Amasiya chifukwa pali chimene akuopa, ndipo wolemba wanzeru amapeza chinthu chimodzicho n'kuchiyankha, basi.

"Nanga wogula uyu akuopa chiyani, Nangozo?"

Dzina la mfundali ankamutchula nalo mwa apo ndi apo. Tiyese anasiya kuseka. Anayang'ana nthawi pa foni, nanena kuti achedwa, naika piritsi m'kambale. Anadikira mpaka litamezedwa, natuluka.

A Kachingwe anamatula chikwangwanicho. Makalendala akale anali nawo ambiri, poti sankataya pepala. Tsiku limenelo anawononga atatu. Pa yoyamba analemba kuti iwo si mwana. Anaona kuti mawuwo akumveka ngati akukalipa. Pa yachiwiri analemba zoti mayi ake akanakhalapo akanamuuza kuti apite. Anawayang'ana nthawi yaitali mawu amenewo, kenako anapinda pepalalo kanayi n'kuliika pansi pa sutikesi. Zinali zoona, koma kumugulitsa mwana malonda ndi dzina la malemu anaona kuti n'kumubera.

Lachisanu anadzuka Tiyese asanadzuke. Anawiritsa okha tiyi, nafufuza m'kabati mpaka anapeza pamene mwanayo ankasunga mankhwala. Kenako anatenga tsache.

Ali pabwalo anamva chitseko cha kuchipinda chikutseguka, mapazi akulowera kukhitchini, kenako zii. Anadziwa chimene mwanayo akuwerenga: chikwangwani chatsopano chimene anali atamata pa chitseko cha khitchini. Panali mizere iwiri yokha, zilembo zake zazikulu moti ngakhale wa m'minibasi akanaziona:

NAIROBI.
MANKHWALA NDAMWA KALE.

Anamva kabati ikutseguka, kapepala ka mapiritsi kakuchita phokoso. Ankawerenga mabowo, mwana wa mayi ake. Patapita nthawi Tiyese anatulukira pakhomo, kambale kopanda kanthu kali m'manja.

"Lero lokha si umboni, Ababa."

"Ndi zoona. Uli ndi mwezi wathunthu usananyamuke. Uzichonga tsiku lililonse. Ukapita, a Mwamadi avomera kuti azindinyoza ndikaiwala, ndipo ntchito imeneyo amaitha."

Anafuna kufunsa ngati chikwangwanicho chakhoza, koma anakumbukira lamulo la mwini ntchito: safunsa. Anapitiriza kusesa, ngakhale pabwalopo panali patayera kale.

Tiyese anamwa tiyi chiimirire, navala nsapato, natenga chikwama. Za Joni kapena za Nairobi sanatchule. Anatsanzika monga mwa masiku onse. Koma akulimbana ndi loko wa pageti, amene ankavuta chaka chonsecho, a Kachingwe anamumva akung'ung'udza yekha, osadziwa kuti akumveka: "Ndamwa kale… ndamwa kale…"

Uthenga wa Tiyese unalowa pa foni yawo nthawi ya 11 koloko. Unali waufupi: wawayankha a ku Nairobi kuti wavomera, ndipo chikwangwanicho asachimatule.

A Kachingwe anauwerenga kawiri. Anavula magalasi, nawapukuta nthawi yaitali kuposa mmene ankafunikira. Kenako anatenga thalauza lija n'kulowera kumsika, poti linali lisanasokedwe, ndipo a Mwamadi anayenera kuuzidwa kuti ntchito aipeza.