Mawu Atamuthawa Killian

Chaka chimene Chitaganya cha maiko atatu chinayamba, Killian ankalemba masewero a pa wailesi. Ankakhala ku Kabwata ndi mkazi wake Helen ndi mwana wawo Lemmy, ndipo m'mawa ankapalasa njinga kudzera ku Longacres popita kuntchito.

Nthawi imeneyo mu Lusaka munali mphekesera za banyama, anthu amene ankati amagwira anzawo n'kuwapopa magazi kuti akagulitse kwa azungu. Poyamba ankaloza oyendetsa magalimoto. Kenako anayamba kuloza a ku wailesi, ati munthu wolankhula m'nyumba za eni osaoneka sangakhale munthu wamba.

Killian analemba sewero la mwana wosochera pamsika. Litangoulutsidwa, mtsikana wina wa m'nyumba za kuseri kwawo, dzina lake Nuria, anapita kumpopi osabwerera. Ndowa yake anaipeza itadzaza, madzi akusefukira.

"Ba Killian ananeneratu pa wailesi," mayi wina anatero pamsika, Helen akumva. "Anadziwa bwanji?"

Kuyambira pamenepo Killian sanathenso kulemba. Ankakhala pa tebulo la kuntchito mpaka dzuwa kupendeka, pepala lili mbee. Akaganiza za munthu wodwala, ankaopa kuti wina adwaladi. Akaganiza za ukwati, ankaopa kuti anthu apezamo chizindikiro cha banyama. A ku wailesi anayamba kubwereza masewero akale, ndipo mkulu wake anamuuza kuti akapume kunyumba.

Kunyumbako ankangokhala chitseko chotseka, kumvetsera mapazi a anthu odutsa. Helen anamugulira kope la ana a sukulu.

"Atate a Lemmy, simukudya, simukulankhula. Lembani umu."

"Ndilembe chiyani? Chilichonse chimene ndilemba chimasanduka mlandu."

"Osati sewero. Lembani zimene mwaona lero. Palibe adzamve."

Tsiku loyamba analemba mzere umodzi: "Wogulitsa makala walambalala nyumba yathu." Mawa lake analemba kuti buluzi wagwa kuchokera kudenga, ndi kuti Helen wabwera kuchokera ku Misa osapatsidwa moni ndi aliyense. Pang'onopang'ono mizere inachuluka. Analemba za mkuyu wa kwawo ku Petauke, za fungo la palafini, za mmene mtima unkagundira njinga ikaima pafupi ndi khomo. Sanafufute kanthu, poti panalibe woti amusangalatse.

Loweruka lina masana anamva phokoso likuchokera cha kumsika. Atasuzumira pawindo anaona anthu akubwera, ena atanyamula njerwa, ena zikwanje. Helen anatenga mwana n'kukhala naye pansi kuseri kwa bedi. Killian sanadziwe chochita. Anabwerera pampando, ndipo dzanja linapitiriza kulemba lokha, zilembo zokhotakhota.

Njerwa inagwa padenga. Kenako wina anagogoda.

"Odi. Ndine Omali. Tsegulani, achimwene, ndilowa ndekha."

Omali anali telala wochokera ku Nyasalande, malume ake a Nuria. Suti ya ukwati ya Killian anasoka ndi iyeyo. Killian anatsegula. Omali analowa osamuyang'ana kumaso. Anasuzumira pansi pa bedi, anatsegula sutikesi, anavundukula mgolo wa madzi. Atatha anaima pafupi ndi tebulo.

"Nanga apa mukulembanso za ndani?"

"Za ine ndekha."

"Werengani ndimve."

Killian anawerenga. "Abwera. Ndikumva mawu a anthu amene ndimawadziwa. Ndikuopa kuti atentha nyumba Helen ndi mwana ali momwemo. Mtsikanayo sindikudziwa kumene ali. Ndikanakonda ndikanalemba za mbuzi."

Kunja wina ankafuula kuti Killian atulutsidwe.

"Mlongo wanga sakugona," Omali anatero. "Inenso sindikudziwa choti ndikhulupirire."

Anatuluka n'kuima pakhomo. Killian anamumva akuuza anthu kuti wafufuza paliponse, mtsikanayo mulibe, ndipo wofuna kuphwanya chitseko ayambe wadutsa pa iye. Anthu anang'ung'udza, wina anaswa windo, koma pamapeto anabalalika.

Madzulo asanafike Killian analemba zonse, masamba ambiri, osapumira. Analemba mmene Omali anavundukulira mgolo, ngati woopa kupeza chimene akufuna. Atawerenganso anaona kuti muli munthu, muli nkhani. M'sabata yotsatira analemba sewero la telala amene maso ankamuchita chidima koma ankabisira makasitomala ake. Analipereka ku wailesi mtima uli m'mwamba, ndipo litaulutsidwa anadikira kuti amve ngati telala wina wachita khungu. Palibe anachita.

Nuria anapezeka mvula itayamba. Bambo ake, amene anasiyana ndi mayi ake, ndi amene anamutenga pampopi paja n'kupita naye ku Broken Hill. Palibe anabwera kudzapepesa, ndipo ena ankanenabe kuti banyama anangomubweza poona kuti adziwika.

Killian anapempha nyumba ku Chilenje ndipo anasamuka. Anapitiriza kulemba masewero, tsiku lililonse kuyamba ndi tsamba limodzi la m'kope asanagwire pepala la ntchito. Koma kwa zaka zambiri, anthu akasonkhana pamsewu, ngakhale a ukwati, ankatsika panjinga n'kudzera njira ina.