Chimene Chinapha Euan

"Khansa," anatero a Morag, azakhali ake a Rhona, uku akudula buledi wa alendo. "Aliyense akafunsa, yankho ndi limenelo basi."

Rhona anali atangochoka kumanda, nsapato zidakali ndi matope. Mchimwene wake Euan anaikidwa m'mawa umenewo m'bokosi lokhomeratu, chifukwa okonza maliro anakana kusambitsa thupi lake. Mayi ake, a Elspeth, ankatsukanso makapu oyera kale, osacheuka.

Mantha awo anali omveka. A Elspeth ankaphika pasukulu ina ya ana mumzinda wa Edinburgh momwemo, ndipo chaka chapitacho makolo anachotsetsa ntchito mayi wina wosesa atangomva kuti mwana wake ali ndi kachilombo. Bambo panyumbapo panalibe.

Koma Rhona anali atalonjeza. Lachisanu lililonse achinyamata ankakumana m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi, ena odwala, ena abale a odwala, n'kumalankhula zimene kwawo sizinkatchulidwa. Euan ndiye anamutengera kumeneko, ndipo ali m'chipatala anamupempha kuti asadzamusinthire matenda. Rhona anawakumbutsa azakhali akewo zimenezi.

"Iye wagona, zonena za anthu sadzazimvanso," anayankha a Morag. "Otsala ndi amayi akowa. Ukufuna aziwalozana m'basi?"

Alendo anafika, n'kumadandaula za kuipa kwa khansa. Mayi wina woyandikana nawo anakana tiyi, ati wamwa kale, koma maso ali pa makapu. Rhona anaona kuti onse akudziwa, akungothandizana kunama.

Kenako pakhomo panaima achinyamata angapo a gulu lija, atanyowa ndi mvula. Kutsogolo kunali Fergus, mnzake wa Euan, wowonda, tsitsi litafika m'mapewa, pakhosi pali banga lakuda. A Morag anathamangira kukawauza kuti malo achepa.

"Sitikhalitsa, mayi," anatero Fergus, akuyang'ana a Elspeth. "Ine ndili ndi Edzi, ngati mmene analili Euan. Tangobwera kudzapepesa."

Bambo wina ananyamula jekete, ena n'kutsatira, ndipo posakhalitsa mipando inatsala yokha. A Morag anakhala pansi n'kubisa nkhope m'manja.

"Nanga Lolemba kuntchito mukalowa bwanji, alamu?"

"Za Lolemba ndidzaziona Lolemba," anatero a Elspeth, akupukuta manja.

Rhona ankaganiza kuti mayi ake awathamangitsa achinyamatawo. M'malo mwake anawalowetsa, n'kufunsa chapansipansi kuti mwana wawo ankakatani ku gululo, poti iwo ankangomuona akutuluka, osalimba mtima kufunsa.

Mtsikana wina, Kirsty, anafotokoza kuti ometa tsitsi a m'deralo ankabweza aliyense amene amukayikira, ati lumo lingatenge magazi. Ndiye Euan ankawameta onse yekha, ngakhale ogonekedwa m'chipatala amene abale awo anawasiya, ndipo m'manja sankavala kanthu. Miyendo itayamba kumukanika, ankameta atakhala pansi.

"Komatu luso analibe," anatero Fergus. "Ankatimeta ngati nkhosa, ukadandaula amvekere nkhope ndiyo yalakwa." Anafuna kuseka, kusekako n'kuthera m'chifuwa. "Chigonekedwereni iye, palibe wandigwirapo kumutu."

Rhona analira pamenepo, kulira kumene kunamukanika kumanda.

A Elspeth anayang'ana tsitsi la mnyamatayo nthawi yaitali. Kenako anakokera mpando pafupi ndi windo, natenga sizasi m'kabati ndi thaulo loyera.

"Khala apa, mwanawe. Werama pang'ono."

Anamufunditsa thaulolo m'mapewa, namulowetsa zala m'tsitsi lonyowalo mpaka zinafika pakhungu. Fergus anatseka maso. A Elspeth anayambira kuseri kwa khutu, pang'onopang'ono.